Funsani Amayi: Ndikapuma pa Ntchito Ndidzadya Chiyani?

FUNSO: Amayi, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Chadiza, ndili ndi zaka 52. Ndinalowa ntchito ya boma mu 2001 ndipo ndikufuna kudzapuma ndikakwanitsa zaka 60. Ndimakhala m'nyumba ya sukulu. Ku Chipata ndili ndi puloti, nyumba ndinayamba koma inaimira pa mawindo. Ana ndili nawo anayi, womaliza wangoyamba kumene sekondale. Anzanga ambiri anatenga kale 20 peresenti ya zosonkha zawo ku NAPSA, bungwe la penshoni, ine sindinatenge. Alamu anga akuti nditenge, ndiwonjezere ndi loni, tigule minibasi yoyenda Chadiza ndi Chipata, oyendetsa akhale iwo. Akuti nyumbayo ndidzamaliza ndi lampusamu ndikadzapuma. Kodi nditero?
Mphunzitsi, Chadiza

YANKHO: Aphunzitsi, mwachita bwino kulemba kudakali zaka 8. Ambiri amandilembera kalata yowapumitsa ili kale m'thumba.

Ndiyambe ndi lampusamu, ndalama yopumira yolandira nthawi imodzi, imene alamu anu akuiwerengerayo, chifukwa vuto lagona pamenepo. Imeneyo anaiona kwa aphunzitsi akale, aja analembedwa ntchito chaka cha 2000 chisanafike. Iwowo ali ku Public Service Pensions Fund, ndipo lamulo lawo limawalola kutenga gawo lalikulu la penshoni nthawi imodzi, kotsalako n'kumalandira pamwezi. Inu simuli kumeneko. NAPSA inayamba ntchito mu Febuluwale 2000, kulowa m'malo mwa Zambia National Provident Fund, ndipo aphunzitsi olembedwa pambuyo pake, monga inu, anawalowetsa ku NAPSA. Kumeneko amene wasonkha miyezi 180, kunena kuti zaka 15, amalandira penshoni mwezi ndi mwezi moyo wake wonse. Wopatsidwa zake zonse nthawi imodzi ndi uja miyezi yake sinakwane. Inu 180 munaidutsa kalekale. Choncho chimene chikukudikirani pa zaka 60 ndi penshoni ya pamwezi, kuphatikizapo ndalama za masiku a livi amene simunatenge ndi za ulendo wobwerera kwanu. Zimenezo sizifolera nyumba yoimira pa mawindo.

Tsono 20 peresenti ija ndiyo ndalama yochuluka imene NAPSA ingakupatseni pakamodzi musanapume. Lamulo lake linasainidwa mu Epulo 2023. Limalola munthu amene wasonkha miyezi 60, kapena wakwanitsa zaka 45, kutapako gawo limeneli, koma kamodzi kokha. Si mphatso ya boma iyi. Ndi ndalama zanu zomwe, 5 peresenti imene amakudulani mwezi uliwonse ndi 5 peresenti ina yosonkha abwana anu, ndipo mukatapa lero penshoni yanu ya mawa ichepa.

Za minibasi ndikukanizani, ndipo ndikukanizani ndi mtima wonse. Ine ntchito yanga yonse ndinagwira mu ofesi ya malipiro kuno ku Chipata, ndipo amene ndinkawalembera mapepala opumira ndi omwe ndimakumana nawo lero ku Saturday Market ndi ku tchalitchi. Kuli bambo wina, munthu wosamwa, wosamala zinthu zake, amene anaika zake zonse pa minibasi. Ndikapita kukacheza ndi akazi awo ndimaipeza kuseri kwa nyumba, itakhala pa njerwa, matayala awiri kulibe, galasi lakutsogolo ataliphimba ndi saka. Pansi pa mpando wa kondakitala nkhuku zimaikirapo mazira. Galimotoyo inayenda ndithu poyamba. Kenaka kunabwera matayala, inshuwalansi, msonkho wa msewu, fitinesi ya ku RTSA, bungwe loona za pamsewu, kenaka giyabokosi. Tsiku limene giyabokosi inafa, ndalama yogulira ina panalibe, koma loni inapitiriza kudulidwa. Bamboyo sanali wopusa. Anangolowa malonda amene sanawagwirepo, ndi ndalama imene sakanatha kuipezanso.

Kwa inu palinso china. Dalaivala wolemba ntchito akabwera madzulo ndi ndalama yoperewera, mumamufunsa, akapitiriza mumamuchotsa. Nanga alamu anu mudzawafunsa bwanji? Mudzakhala muli m'kalasi ku Chadiza, iwo ali pa msewu, ndipo tsiku limene mudzanene kuti ndalama sizikuoneka, mlandu udzalowa m'nyumba mwanu momwe, pakati pa inu ndi amayi a kunyumba. Sindikuti alamu anuwo ndi osakhulupirika, sindiwadziwa. Ndikuti chibale ndi kaundula wa ndalama zimavuta kuyendera limodzi.

Ngati 20 peresentiyo muitenge, ipite pa denga. Nyumba ya sukulu ndi ya ntchito, ntchito ikatha pamabwera mphunzitsi wina ndi katundu wake pa lole. Wopuma pa ntchito amene akulipira lendi m'tauni amayamba mwezi uliwonse ali kale m'dzenje. Musalimbane ndi kumaliza nyumba yonse monga munaijambulira muli ndi zaka 40. Kwezani zipupa, folerani, ikani zitseko ndi mawindo pa zipinda ziwiri kapena zitatu, kokani madzi. Matailosi ndi siling'i zidzabwera. Ngati pulani ikulola, mbali ina ikhale ndi khomo lakelake kuti muikemo walendi. Chipata akukula, ophunzira ndi ongoyamba ntchito amafuna zipinda, ndipo lendi ya chipinda chimodzi imabwera ngakhale mwezi umene mwagona ndi malungo. Muyang'anenso mapepala a pulotiyo, akhale m'dzina lanu, osati la amene anakugulitsani. Koma ngati simuiika pa nyumba, isiyeni komweko. Penshoni ya NAPSA imakwezedwa chaka ndi chaka potsata malipiro a anthu m'dziko, pamene ndalama yokhala m'nyumba imangotha mphamvu.

Tsopano tibwere pa bajeti, imene kwa ine ndiyo nkhani yeniyeni. Tengani NRC yanu mupite ku ofesi ya NAPSA ku Chipata, kapena lowani pa intaneti ya NAPSA pa foni, mutenge sitetimenti ya zosonkha zanu. Muiwerenge mzere ndi mzere monga mumachongera mayeso. Mwezi wosowa uoneke lero, pamene mapeyisilipu muli nawo ndipo okulembani ntchito mukuwaona. Muwapemphe akuwerengereni kuti penshoni yanu ingadzakhale pafupifupi zingati mukatapa 20 peresenti, ndiponso mukapanda kutapa. Manambala awiriwo muwalembe pa tsamba loyamba la kope latsopano.

M'kope lomwelo, kwa miyezi itatu, lembani chilichonse chotuluka m'thumba: chigayo, saladi, sopo, makala, mayunitsi a foni, chopereka cha ku tchalitchi, chipepeso cha pa maliro, K20 imene mwapatsa mphwanu popita. Alembe ndi amayi a kunyumba omwe, chifukwa ndalama zambiri za pakhomo zimadutsa m'manja mwawo. Ikatha miyezi itatu, khalani pansi awiri muone zimene zidzachoke mukapuma ndi zimene zidzabwere. Zochoka n'zochepa kuposa mmene anthu amaganizira: za yuniyoni, zovala za kuntchito, maulendo a ku ofesi ya maphunziro. Zobwera ndiye zambiri. Madzi ndi malaiti a m'tauni, msonkho wa nyumba wa ku khonsolo, mankhwala a BP ndi shuga pamene ku chipatala atha, magalasi a maso. Maliro amachuluka munthu akamakula, ndipo wamkulu pa banja sapita chimanjamanja. Kulinso adzukulu. Pakhomo pa wopuma pa ntchito ndi pamene ana amadzasiya ana awo akamapita ku Lusaka kukasaka ntchito, ndipo adzukuluwo amafuna phala m'mawa uliwonse.

Mukaona kusiyana kwa penshoni ndi zimene mumadya pamwezi, mwapeza ntchito ya zaka 8 zikubwerazi. Musaiwalenso kuti mitengo siima. Mu 2021 kukwera kwa mitengo kuno kwathu kunapitirira 20 peresenti. Ngakhale titati zinthu zizikwera ndi 10 peresenti yokha pachaka, pofika tsiku lanu lopuma K1,000 idzagula zosakwana theka la zimene ikugula lero.

Choyamba kuchita ndi kuyeretsa peyisilipu. Aphunzitsi ambiri amene ndinkaona mapepala awo, mzere wa zodulidwa unkatalika kuposa wa zolandira: loni ya banki, loni ya kakampani, mipando ya ngongole, kenaka kaloba wa kumsika amene salembedwa n'komwe. Loni iliyonse ikatha musatenge ina yoti "top up". Ndalama imene inkadulidwayo munaizolowera kale kuti si yanu, ndiye ipitirize kuchoka, koma izipita kosungira. Njira imodzi imene anthu wamba saidziwa ndi mabondi a boma ogulitsidwa ndi Bank of Zambia. Mumabwereketsa boma ndalama kwa zaka 2, 3, 5, 7, 10 kapena 15, limakupatsani chiwongoladzanja miyezi 6 iliyonse atachotsapo msonkho, nthawi ikakwana n'kukubwezerani mpamba wanu. Mungayambe ndi K1,000, ndipo banki yanu ingakuthandizeni kulembetsa. Ubwino wake kwa munthu ngati inu ndi woti ndalamayo sikhala pafupi ndi dzanja.

Mwana wanu womalizayo adzakhala ali ku koleji inu mukupuma. Sukulu za boma n'zaulere mpaka kumaliza sekondale kuyambira 2022, ndiye ndalama imene mukanalipira fizi muziika padera m'dzina la koleji yake. Nthawi ikadzafika adzafunsire loni ya ophunzira ku Higher Education Loans and Scholarships Board, kapena basale ya CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera lanu, ngati asankha maphunziro a ntchito zamanja. Asadzadye denga lanu.

Simunatchule za ulimi, koma ndikudziwa kuti mukuuganizira, palibe mphunzitsi wa kuno kum'mawa amene salota munda. Yambani tsopano, pang'ono, ndi ndalama ya malipiro, kuti zolakwa muzichite mukadali ndi pogwira. Ekala ya nshawa, ekala ya soya, chimanga chokwanira nkhokwe ya pakhomo. Chilala cha 2024, chija boma linachitcha tsoka la dziko lonse, chinationetsa kuti wodalira chimanga cha mvula chokha angathe kutaya feteleza, mbewu ndi ndalama ya aganyu m'nyengo imodzi. Dimba lokhala ndi chitsime, mbuzi zingapo ndi nkhuku za chikuda zimapulumutsa pakhomo chaka choipa. Pa zaka 60 msana sulola khasu la tsiku lonse, choncho ulimi wanu muuwerengere pamodzi ndi malipiro a okulimirani.

Chotsiriza ndi abale. Ndalama ikangomveka kuti yatuluka, kubwera amalume, kubwera mwana wa achemwali anu wofuna mpamba. Kuthandiza ndi khalidwe lathu ndipo sindikuletsani. Koma mugwirizane ndi amayi a kunyumba ndalama isanafike kuti ya abale ndi iyi, ikatha yatha. Chisoni chinapha nkhwali. Alamu anuwo muwayankhe mwaulemu, muwauze kuti lampusamu kulibe ndipo nyumba ikudikira malata. Munthu wokufunirani zabwino adzamva.

FUNSO: Amayi, ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi kapenta pa msika wa Kapata. Ndili ndi zaka 47, amuna anga anamwalira, sindinalembedwepo ntchito. Ndili m'chilimba ndi m'gulu la vileji banki. Miyendo yayamba kuvuta. Za penshoni timangomva kwa anzathu a m'maofesi. Nanga ife tidzatani?
Mayi wa pa msika, Chipata

YANKHO: Amayi anzanga, pepani ndi miyendoyo, mukapimitse BP ndi shuga, musangoti ndi kutopa.

Inu muli ndi chinthu chimene a m'maofesi ambiri alibe: mumadziwa kusunga mpamba. Mwalera ana ndi milu ya tomato, simunadye mpamba n'kutseka benchi. Chofunika tsopano n'kuti pa mfundo ziwiri za pa chitenje chanu, ya mpamba ndi ya ndiwo, muwonjezepo yachitatu, ya ukalamba, imene simasulidwa ngakhale pa Khirisimasi.

Chilimba n'chabwino pogula katundu wambiri nthawi imodzi, koma chimangokubwezerani zomwe munaponya, ndipo zimathera m'malonda momwemo. Vileji banki imabereka, koma taonani nthawi imene magulu ambiri amagawana: Disembala. Ndalama imafika pamodzi ndi zikondwerero, feteleza, yunifolomu ndi nsapato za Januwale, pofika Febuluwale kulibe kanthu. Tsiku logawanalo, musanafike kunyumba, patulani gawo limodzi mwa magawo atatu mukaliike pamene simulifikira msanga. Kaya ndi buku la ku banki lopanda khadi, kaya ndi malata ndi simenti za kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ngati malo ndi anu.

NAPSA inatsegulanso khomo kwa anthu odzilemba okha ntchito, a m'misika, alimi ang'onoang'ono, oyendetsa mabasi ndi ena otero. Pitani ku ofesi yawo ndi NRC, akuuzeni zosonkha pamwezi ndiponso chimene mungadzalandire mukayamba pa msinkhu wanuwu, ndipo akulembereni pa pepala kuti mukaunike bwino kunyumba ndi mwana wodziwa kuwerengera. Ulendo womwewo mulembetse ku NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma. Chimene chimagwetsa mayi wa pa msika kawirikawiri ndi matenda a mwezi umodzi, benchi ili yotseka, mpamba n'kuthera ku mankhwala.

Malonda anunso ayambe kusintha pamodzi ndi thupi. Tomato amafuna kulawirira kukapikula, kusenza, ndi kugulitsa asanaole. Nshawa, nyemba ndi kapenta zimadikira. Nthawi yokolola, mu Meyi ndi Juni, nshawa zimatsika mtengo m'midzi. Wogula matumba angapo n'kuwasunga pouma, pamwamba pa matabwa, zosasenda, amadzagulitsa bwino mvula ikayandikira, anthu akufuna mbewu. Malonda otero mungachite mutakhala pa mpando, ngakhale pa zaka 65.

Awiri okha muwathawe. Wakaloba, ndi aliyense wobwera ndi nkhani yoti ikani K500 mwezi wamawa mulandire K1,000, kaya wabwera pa foni, kaya wabwera ndi mnzanu wa ku kwaya. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za obwera pambuyo, ndipo zikagwa olira ndi amayi a pa msika. Wosunga ndalama za anthu ayenera kukhala ndi chilolezo cha Bank of Zambia. M'gulu lanu lomwe, bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, ndipo kaundula aziwerengedwa mokweza pamaso pa onse.

FUNSO: Amayi, ndagwira ntchito ku Kitwe zaka zambiri ndipo ndipuma chaka chamawa. Ndine Mngoni wa kwa Mpezeni, koma kwathu makolo anatha ndipo minda anagawana. Akazi anga ndi Achewa a ku Katete, abale awo atipatsa malo. Ndikufuna kugulitsa nyumba ya ku Kitwe ndikamange yaikulu kumeneko. Ana akukana.
Bambo wa ku Kitwe

YANKHO: Bambo, anawo amvereni pang'ono. Nyumba ya ku Kitwe musagulitse chaka choyamba. Ikanimo walendi, lendiyo ikhale penshoni yanu yachiwiri, inu mukamange kanyumba kochepa ku Katete mukhaleko dzinja limodzi lathunthu. Mudzaone msewu mmene umakhalira mu Febuluwale, mudzayeze mtunda wokafika ku chipatala cha St Francis usiku, mudzaone ngati thupi lozolowera madzi a pampopi ligwirizana ndi mjigo. Ena amakhazikika bwino ndithu. Ena amafuna kubwerera m'tauni nyumba atagulitsa kale.

Za malowo ndilankhule mosabisa, pakuti inu ndi mkamwini kumeneko. Kwa Achewa malo amayenda ndi mbumba ya akazi. Ndi malo a mwambo, ali m'manja mwa mafumu, alibe taitolo. Lero alamu anu akukulandirani ndi manja awiri, ndipo ndikhulupirira kuti akutero ndi mtima woona. Koma akadzatsogola akazi anu, odzalankhula za malowo adzakhala ena, mwina adzukulu amene lero ali ku sukulu. Lamulo la chuma cha masiye la 1989, lija limagawa 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemu, silikhudza malo a mwambo. Nyumba ya ku Kitwe lamulo limaiteteza, ya pa malo a chikamwini idzadalira mtima wa anthu.

Musanagule thumba la simenti ndi limodzi lomwe, pitani ndi akazi anu ndi malume awo kwa a nyakwawa, kenaka kwa mfumu yaikulu, malire apondedwe pamaso pa mboni, ndipo mupatsidwe kalata yodinda yotchula inu, akazi anu ndi ana. Ngati mukufuna taitolo ya zaka 99, njira yake imayambira pa chilolezo cha mfumu, kupita ku khonsolo, kenaka ku unduna wa malo, ndipo banja la akazi anu liyenera kuvomera poyera, osati mokakamizidwa. Mulembenso wilo, isainidwe pamaso pa mboni ziwiri zosalandira kanthu m'menemo, ndipo mwana mmodzi wamkulu adziwe kumene mwaisunga.